Mlandu wa Chingwe cha Matewera

Nazimbiri anali atayanika matewera asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri lili m'manja, pamene chimkuzamawu chinakhosomola kuseri kwa bafa.

"Tamverani! Tamverani, inu a pakhomo pano!"

Sanacheuke n'komwe. Mawuwo ankawadziwa bwino. Anali a mwamuna wake, a Lufeyo, olengeza mauthenga a kunyumba yachifumu, omwe anachoka pakhomo pomwepo m'mawa atakokota shuga yense m'chitini.

"Bambo a Tiyese, tsitsani chinthucho. Mapasa angogona kumene."

"Pano sindine bambo a Tiyese, mayi. Pano ndine pakamwa pa Mfumu."

"Ndiye pakamwa pa Mfumupo pachepetse mawu."

A Lufeyo anachepetsa pang'ono, natambasula pepala. Uthenga unali wakuti Mfumu Sindigwa Wachitatu, mwini dziko la Chiimire, ikukwanitsa zaka makumi atatu pampando Loweruka likudzalo. Msewu wonse, kuyambira kunyumba yachifumu ku Mtundawokha mpaka kumsika wa Tapirira, uyenera kuvala mbendera, mabaluni ndi maluwa a mapepala. Ndipo popeza zokongoletsa siziima zokha m'malere, chingwe chilichonse cha m'dzikomo chaitanidwa kukatumikira ufumu.

"Mapepala? Mu Disembala muno? Nanga mvula ikag..."

"Amake Tiyese!" A Lufeyo anatseka chimkuzamawu ndi chikhatho, maso ali mwazumwazu. "Mufuna mundichotsetse ntchito?"

Paja m'dziko la Chiimire mulibe chinthu chimene chimagwa. Agogo ake a mfumuyi, Sindigwa Woyamba, anaponda khoko la nthochi tsiku lolongedwa ufumu, miyendo n'kuloza kumwamba, anthu n'kuseka mpaka misozi. Mawa lake mawu akuti "kugwa" anamangidwa. Wowatchula ankasesa bwalo la mfumu mwezi wathunthu ndi nthenga ya nkhuku. Mawuwo anatsala m'dzina la mfumu mokha, ndipo m'menemonso anali ndi "sindi" wowalondera kutsogolo. Kuyambira pamenepo munthu akapunthwa amati wapita kukaona nthaka. Mango akapsa amatsika. Mvula imabwera kudzacheza. Koma amene ankasunga lamulolo ndi mtima wonse, usana ndi usiku, popanda wowakakamiza, inali mitengo ya zinthu pamsika.

"Chabwino, mvula ikabwera kudzacheza," anatero Nazimbiri, "mapepala anuwo adzailandira bwanji? Ndipo ine matewera ndiyanika pati? Mwamuona Tiyanjane m'mphechepechemu? Tizilonda tokhatokha. Kuchipatala anandiuza kuti thewera lizikhala louma gwa."

"Mawu amenewonso asamaleni, akufanana ndi aja."

Anatero a Lufeyo akumasula chingwe. Chinali cha nayiloni, chabuluu, chokhala ndi mfundo imodzi pakati pamene mbuzi ya aneba inatafuna. Matewera onyowa aja anawasanjika pamkono wa mkazi wawo limodzilimodzi, mwaulemu ndithu, nakulunga chingwe, n'kupita kukakhosomola pakhomo lina.

Mapasa a miyezi isanu ndi itatu sadziwa za zikondwerero. Tiyese ndi Tiyanjane anapitiriza ntchito yawo mosaphonya, matewera khumi ndi anayi patsiku. Nazimbiri anayesa kuyanika pa udzu, nyerere zinalowamo. Anayesa pampanda, mphepo inawatsitsa, nkhuku n'kudindapo mapazi. Anayesa m'khitchini, anatuluka akununkha utsi, m'mphepete muli chinyontho. Tiyanjane ankalira ukangomukhudza.

Lachinayi amayi a m'dera lonse anaitanidwa kubwalo la mfumu kukaimba nthungululu. Ku Chiimire nduna zikamakambirana pamafunika amayi okhala pansi pa dzuwa, kuti mfundo ikatuluka ipeze phokoso likudikira. Nazimbiri anapita Tiyanjane ali kumsana, Tiyese ali pachifuwa, nakhala pafupi ndi mnzake Filesi, wogulitsa tomato ku Tapirira.

Woyamba kuimirira anali mkulu woona za mitambo, a Mwinamwake, munthu wowonda amene ankayankhula akuyang'ana khomo lothawira.

"Inu Osagwedezeka, mlendo wathu uja akubwera Loweruka masana. Ndiponso, mwina mwake, sakubwera yekha. Watengana ndi mlamu wake, mphepo yamkuntho."

Mfumu inatembenukira kwa nduna ya Zokongoletsa ndi Zina Zooneka, a Chiphamaso, omwe anadzuka akumwetulira ngati munthu amene wadya kale.

"Inu Osagwedezeka, musade nkhawa. Zokongoletsa zathu taziyesa mwaukatswiri. Tinasankha amuna anayi a zifuwa zikuluzikulu, anauzira mbendera imodzi kwa ola lathunthu. Awiri anakomoka. Mbendera ili pomwepo mpaka lero."

Nthungululu.

"Maluwa a mapepala nawo tinawathira madzi. Supuni yodzaza! Anangoseka."

Nthungululu zinanso. Za Nazimbiri zinatuluka zazifupi, zouma, ngati chitseko chosowa mafuta.

Komabe, pofuna kusamala, bwalo linagamula kuti mvula ilemberedwe kalata yoiuza kuti ulendo wake wasunthidwa kufika Lolemba. Anakangana kwa maola awiri ngati kalatayo iyambe ndi "Wokondedwa" kapena "Iwe". Pomaliza anaidinda chidindo, naipereka kwa a Mwinamwake kuti akaimangirire pansonga ya mtengo wa bulugamu wautali kuposa yonse.

"Kodi asisi, mvula imawerenga?" ananong'ona Filesi.

"Ya kuno iyenera kuti imatero. Inaphunzira sukulu imodzi ndi ndunazi."

Pobwerera anadzera kumsika. Pakhomo pa Tapirira anali atamanga chipata cha nsungwi, chachitali kuposa tchalitchi, chovekedwa mapepala ofiira, achikasu ndi obiriwira. Pamwamba pake panali chithunzi cha mfumu, chachikulu ngati khoma la nyumba. Ndipo chimene chinagwira chithunzicho, kuzungulira nsungwi zonse n'kutsikira pachikhomo chapansi, chinali chingwe chabuluu chokhala ndi mfundo pakati.

Nazimbiri anaima, nayang'ana mmene anachimangira.

"Amuna asanu ndi atatu, makwerero awiri," anatero, "koma kamangidwe kake ngakhale mbuzi ingaseke."

Loweruka kunacha bwino, ndipo a Chiphamaso anauza aliyense kuti kalata yafika. Pofika masana msewu unali utadzaza. Ng'oma zinalira, ana a sukulu anagwedeza timbendera, Mfumu Sindigwa inakhala pansanja moyang'anizana ndi chipata chija, ikudziyang'ana pachithunzi. Itangoimirira kuti iyankhule, kumwera kunada bii.

Mlamu ndiye anayamba kufika. Anatola mabaluni onse nthawi imodzi n'kuwaperekeza kutsidya la malire, ku ufumu wa Tatolako, kumene akuti ana anasangalala sabata yathunthu. Timbendera tinathothoka ngati nthenga za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha. Kenako mlendo mwini wake analowa, osaodira. Maluwa aja amene anaseka supuni sanasekenso. Anasungunuka pamitu pa anthu, utoto n'kuyenderera: nduna ya Zachuma inasanduka yobiriwira, mkulu wa asilikali wachikasu, a Chiphamaso ofiira psuu kuyambira kudazi mpaka kukolala. A bandi anapitiriza kuimba kufikira lipenga lalikulu litadzaza madzi n'kuyamba kulira ngati chule.

Chipata chinalimbako pang'ono, tisachinamizire. Chinapendekera kumanzere, chinapendekera kumanja, ngati mlamu woledzera amene akufuna kupereka moni. Kenako chikhomo chinazuka, ndipo chonsecho, nsungwi, mapepala ndi nkhope ya mfumu, chinabwera chafufumimba m'matope, khuu, patsogolo penipeni pa nsanja.

Mvula inakata.

Mfumu inapukuta madzi kumaso. "Chiphamaso."

"Inu Osagwedezeka."

"Zokongoletsa zanga zatani?"

Aliyense ankaona chimene zachita, ndipo aliyense ankadziwa kukula kwa bwalo la mfumu ndi kuchepa kwa nthenga ya nkhuku. A Chiphamaso anatsegula pakamwa, lilime n'kuwatsogolera.

"Zagwa..." Anameza malovu. "Zagwa... zagwada, Mfumu! Zagwada! Zaona ulemerero wanu, zalephera kupirira!"

Amene anayamba kuwomba m'manja sakudziwika, koma posakhalitsa onse ankawomba. Mfumu inagwira pamtima, misozi ili lengelenge.

"Taonani," inatero. "Ngakhale ine ndemwe ndadzigwadira."

Tsono ku Chiimire kuli mwambo wake. Wogwadira mfumu sakhudzidwa, sasunthidwa, sadzutsidwa ndi munthu wina aliyense kufikira mfumuyo itanena yokha kuti "dzukani". Ndipo Mfumu Sindigwa inakondwera nazo kwambiri moti inalamula kuti zokongoletsazo zipitirize kugwada mpaka alendo a mayiko ena adzazione, mwina mu Malichi. Anaikapo asilikali awiri olondera.

Lachiwiri m'mawa Nazimbiri anafika kumsika ndi mapasa ake, maso ali ofiira. Tizilonda ta Tiyanjane tinali titayamba kuchucha, ndipo thewera limene anamuveka linali lozizira ngati chule. Chipata chinali chigonere pakhomo pa msika. Ogula ankadumpha nsungwi atanyamula madengu, ena ankakwawa pansi pake. Wogulitsa makala anali atasiya njinga yake kunja, akuitanira malonda patali.

"Mwadzuka bwanji, asisi?" anafunsa Filesi.

"Tadzuka. Kaya inu?"

"Ife tadzuka, koma malonda agwada."

"Nanga denga la aneba anu a Nasiketi lija?"

"Lagwada nalonso. Khoma la chimbudzi cha kusukulu ndiye lachita kugwada ndi maondo onse. Dziko lino ulemu wachuluka."

Nazimbiri sanaseke. Chingwe chake ankachiona, chili m'matope, mfundo ija ikusuzumira pafupi ndi khutu la chithunzi. Anawerama kuti achigwire.

"Mayi, mayi! Bwererani!" anakuwa msilikali. "Chingwecho chikugwada."

"Achimwene, chingwe chili ndi maondo?"

"Za maondo kafunseni kulikulu. Ine andiuza kuti chikugwada."

"Mwana wanga akuwola m'mphechepeche."

"Pepani mayi. Bwerani mu Malichi."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nazimbiri anakhala pa dengu la Filesi, akugwedeza mwana, mutu ukugwira ntchito. Ubwino wokwatiwa ndi pakamwa pa Mfumu ndi umodzi wokha: malamulo onse a dziko umawamva kwaulere, chifukwa mwini wake amawayeserera m'bafa m'mawa uliwonse. Zaka zisanu ndi ziwiri akuwamva akutsuka mbale, ena anakanirira m'mutu ngati mafuta m'poto. Ndipo limodzi linatulukira tsopano, lachisanu ndi chinayi, lija a Lufeyo ankalikokera mawu kumapeto: Mfumu sikhudza chakudya wina akadali chigwadire pamaso pake.

Mwamwayi a Lufeyo anali pomwepo, akulengeza kuti odumpha chipata azidumpha mwaulemu.

"Bambo a Tiyese, tandigwirirani mwanayu."

Bambo sakana mwana wake pagulu. Analandira Tiyese ndi manja awiri, ndipo chimkuzamawu chinapezeka chili kwa Nazimbiri.

"Anthu a Tapirira!" Mawu ake anagunda mpaka kokhala ogulitsa nsomba. "Ine ndaima pano kuyamika Mfumu yathu! Ndani sadziwa lamulo lachisanu ndi chinayi? Mfumu sidya wina ali chigwadire! Zinthu izi zagwada kuyambira Loweruka. Lero ndi Lachiwiri. Masiku atatu Mfumu yathu osalawa kanthu, ngakhale phala, chifukwa chosunga mwambo wa makolo! Ndipo yalonjeza kupirira mpaka Malichi! Mfumu ina yotere mudzaipeza kuti?"

Filesi anayambitsa nthungululu, ndipo ulendo uno zinali zenizeni, zazitali, zochokera pansi pa mimba. Msika wonse unalandira. Ogulitsa mandasi anavula zipewa. Agogo ena analira poyera. Pasanathe ola, khamu linali pachipata cha nyumba yachifumu likuimba nyimbo yotamanda njala ya mfumu.

Ogwira ntchito kukhitchini amati nyimboyo inapeza Osagwedezeka ali ndi ntchafu ya nkhuku m'manja. Anaiyang'ana, anayang'ana pawindo, anaibweza m'mbale. Anapirira mpaka belu la nkhomaliro. Kenako galimoto yachifumu inatsika ku Mtundawokha liwiro limene silinaonekepo, nduna zikuthamanga pambuyo.

Mfumu inaima patsogolo pa chipata chija, m'mimba mukulira moti a kutsogolo ankamva.

"Ndaona ulemu wanu," inatero kwa nsungwi. "Dzukani."

Nsungwi zinangoti phee.

"Ndati dzukani!"

Kachidutswa ka pepala lofiira kanagwedezeka, n'kugonanso.

"Chiphamaso! Bwanji sizikudzuka?"

A Chiphamaso, omwe utoto unali usanawachoke m'makutu, anayang'ana kumwamba, koma kumeneko kunalibe mawu ena ofanana ndi kugwada.

"Zapanduka, Mfumu."

Mlandu unazengedwa pomwepo, chifukwa woweruza wamkulu anali ndi njala. Vuto linali kupeza mtsogoleri wa zigawengazo. Chithunzi sakanachiimba mlandu, poti mwini nkhope anali pomwepo. Nsungwi zinali zambiri, ndende sikanakwana. Nduna zinayamba kuyang'anana, ndipo a Chiphamaso anayamba kutuluka thukuta lofiira.

Nazimbiri anadzikoka kutsogolo, nakhala pansi mwaulemu miyendo atatambalala. Kugwada sanayerekeze.

"Zikomo, Inu Osagwedezeka. Ine ndine mayi wosaphunzira, koma maso ndili nawo. Taonani chimene chawamanga anzakewo manja ndi miyendo kuti asadzuke. Si chabuluucho?"

Mfumu inawerama, niyang'ana. "Zoonadi! Chazungulira ngakhale khosi langa!"

"Chiwotchedwe!" anakuwa a Chiphamaso, atapeza pothawira. "Bweretsani machesi!"

Msilikali anali atayamba kale kupapasa m'thumba.

"Pepani, bwana nduna, mwachikomera mtima," anatero Nazimbiri msanga. "Moto ndi wa kamphindi. Chikapsa chapuma. Chigawenga chotere chimafunika chizunzike tsiku ndi tsiku, chikokedwe uku ndi uku padzuwa, chisenze katundu woipitsitsa m'dziko muno."

"Katundu wanji ameneyo?" inafunsa Mfumu.

Tiyese, yemwe anali chete m'manja mwa bambo ake nthawi yonseyi, anali atangomaliza kumene ntchito ina yaikulu. Nazimbiri anamutenga, anamasula thewera, nalitambasula patsogolo pa bwalo.

Nduna zinabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Mkulu wa asilikali anavula chipewa n'kutseka nacho mphuno. Mfumu Sindigwa, imene m'mimba mwake munalibe kanthu, inagwedezeka kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu.

"Angati otere?" inafunsa mawu ali m'mphuno.

"Khumi ndi anayi patsiku, Mfumu. Ndipo mano sanayambe kumera."

Chigamulo chinatuluka mwachangu. Chingwe chabuluu, chopezeka cholakwa pa mlandu woukira ufumu, chikagwire ukaidi wa moyo wonse ndi ntchito yakalavulagaga pakhomo pa mayi ameneyu. Mlonda wa mkaidiyo akhale Lufeyo, popeza amakhala pafupi. Nsungwi zakhululukidwa chifukwa zinangonyengedwa, zichoke pamsewu. Ndipo wina athamange akauze kukhitchini kuti atenthetse nkhuku ija.

Dzuwa linali likadalipo pamene anafika kunyumba, Nazimbiri patsogolo ndi ana, a Lufeyo pambuyo atanyamula mkaidi motalikitsa ndi thupi. Anamutsuka matope, namangirira mbali imodzi kumtanda wa khonde. Mbali inayo inasowa pogwira. Mtengo wa papaya umene unkathandiza ntchitoyi unali utagwada Loweruka lomwe lija, mizu ili m'mwamba.

Nazimbiri anayang'ana papayayo, anayang'ana beseni lodzaza, anayang'ana mwamuna wake.

"Inu si ndinu mlonda? Gwirani mkaidi wanu. Pitani uko. Pitanibe. Kokani. Kwezani mkono."

"Amake Tiyese, ine ndine wa boma. Anthu akandiona..."

"Adzati muli pantchito."

Anakung'untha thewera loyamba, naliyanika. Lachiwiri. Lachitatu. Chingwe chinayamba kulemera, mkono wa a Lufeyo n'kumanjenjemera. Kumwera kamtambo kena kanali katayamba kusonkhanitsa anzake, ndipo m'beseni munali mukadali matewera khumi ndi limodzi.

"Mayi, mkono watopa."

"Sinthani winawo," anatero Nazimbiri, akufinya lachinayi. "Koma musayerekeze kugwada. Matewera angakhudze pansi."